Diso la Achimwene

Lolemba, 3 Juni

Lero ndili ndi kompyuta. Ndilembenso kachiwiri kuti ndikhulupirire: ine ndili ndi kompyuta.

Wabwera nayo Nesi, mwana wa malemu achimwene, ataikulunga m'thawulo ngati khanda. Iye wagula ina yatsopano, ndiye iyi akuti ndi yanga. Ndi yopinda ija. Pakona inang'aluka pang'ono, batani lina linazuka ngati dzino, koma ikayaka imawala bwinobwino. Ndasuntha simbi ndi chitini cha mabatani patebulo lodulira, ndayala nsalu yoyera, ndaikhazika pamenepo. Makina anga osokera akuchita kuoneka kuti nsanje yawagwira.

Ndamufunsa kuti nanga zam'katimo ndizikalipira kuti, poti ndinamvapo kuti zimenezi salowa nazo chisawawa. Waseka mpaka kugwira mimba. Yakula tsopano, akuti achira mwezi wamawa.

Akuti, "Azakhali, zonse ndaikamozi n'zaulere. Cholembera, choonera makanema, chokonzera zithunzi. Anapanga anthu a m'mayiko osiyanasiyana, n'kunena kuti wofuna atenge."

Ndati, "Nanga iwowo akudya chiyani?"

"Ambiri ali ndi ntchito zawo. Izi amapanga akaweruka."

Ine ndimadziwa kuti munthu akaweruka amatambalala miyendo. Koma kaya, dziko ndi lalikulu.

Lachiwiri, 4 Juni

Kambewa kameneka, kolozera zinthu pakompyuta, n'kosamva. Ndikati kamuvi kapite kumanzere, iko kakuthawira kudenga. Dzanja lomwe limalowetsa ulusi pasingano osavala magalasi, lero limachita kuphonya.

Zolembedwazo n'zachingerezi, ine sukulu ndinalekera panjira, ndiye ndikumazizindikira ndi tizithunzi take. Pali kachipewa kosongoka kooneka ngati lalanje, ndi ka nyimbo ndi makanema. Pali kapepala, kolembera. Ndiye pali kagalu koluma burashi, maso ali tong'o, ka zithunzi. Kagaluko ndakakonda. Kakuoneka kuti kakudziwa kuti sindidziwa kanthu, koma sikangauze munthu.

Lachitatu, 5 Juni

Ndalemba chikwangwani ndekha ndi kapepala kaja. TIMASOKA, TIMAPHATIKA ZIGAMBA, TIMAIKA ZIPI. Kusaka chilembo chilichonse ngati singano yagwa pansi, koma zatheka. Mayi wa pafotokope wandisindikizira, ndamata pachitseko. Ndatuluka panja kukachiwerenga ngati munthu wodutsa, kenako ndatulukanso.

A Mawaya, okonza mafoni ndi mawayilesi khomo loyandikana nali, analowa kudzaona. Akuti, "Mayi telala, zaulerezi mawa muziona zazima zokha. Bweretsani ndikuikireni zenizeni, za m'maofesi."

Ndati, "Zenizenizo munagula?"

Anakanda m'mutu. "Kugula kwenikweni ayi. Zinangopezeka."

"Ndiye zanuzo n'zongopezeka, zangazi n'zochita kupatsidwa. Wogona tulo tabwino ndine."

Akuti pakamwa panga mpakuthwa kuposa sizasi yanga. Koma sanachoke msanga, anakoka mpando n'kumaonerera kagalu.

Lachisanu, 7 Juni

Nesi anadzera pano akuchokera kuntchito, mapazi atatupa ngati mabanzi. Ndinamukhazika, ndikumukulitsira diresi la yunifomu, iye akundionetsa za kagalu. Tinatsegula chithunzi cha diresi lomwe ndinasoka mwezi watha. Sindikudziwa kuti ndinagwira pati, ndangoona mzere wakuda wadutsa pakati pa diresi, kuchokera pakolala mpaka pampendero. Ndati basi, ndawononga.

Iye osatekeseka. Anadina mabatani awiri, la pakona penipeni pansi ndi la Z, mzere uja balala, wasowa. Akuti limeneli ndi lobwerera m'mbuyo, mukalakwitsa mumangobwerera.

Moyo wanga wonse sizasi ikalakwa yalakwa, nsalu ya mwini ilibe pepani. Munthu umayeza, n'kuyezanso, n'kupemphera, kenako kudula. Ndiye pali anthu kwinakwake anakhala pansi n'kuganiza kuti munthu azilakwitsa mwaufulu, ndipo osamulipiritsa. Ndinadetsa dala, kubweza, kudetsanso, kubweza. Nesi akuti ndikuchita ngati mwana wapeza switchi ya magetsi. Z wa zipi, sindingaiwale.

Kenako iye anaika dzanja pamimba. Akuti, "Azakhali, uyu akadzafunsa kuti agogo ake aamuna ankaoneka bwanji, ndidzamuonetsa chiyani? Ine ndimadziwa theka la nkhope basi."

Zoona. Achimwene anatisiya Nesi asanayambe n'kukwawa komwe. Chithunzi chawo chinalipo chimodzi chokha, cha kusitudiyo, ataima pafupi ndi katani, atavala jekete yobwereka. Chaka china denga linadontha, madzi analowa m'felemu, chithunzi n'kumatirira kugalasi. Pochimatula, diso lamanzere ndi tsaya zinatsalira pagalasipo. Pamenepo pali poyera basi, ngati njenjete zinadya. Alamu, mayi ake a Nesi, anachiika pansi pa sutikesi, sachitulutsa.

Ndinamufunsa ngati kagalu kangathe. Akuti akatswiri amatha, koma n'zovuta, iye alibe nthawi. Ine mapini anali pakamwa. Koma mumtima ndinati, ngati ndi chigamba, mwini wake wa zigamba ndi uyu wakhala apayu. Mwana ameneyu aione nkhope ya bambo ake yathunthu asanachire.

Loweruka, 8 Juni

Makasitomala mbwee, mazipi okhaokha. Kompyuta ndangoipukuta fumbi.

Lamulungu, 9 Juni

Ndinapita kwa alamu masana. Ndinawapeza akusita. Ine ndi iwo timakondana mokalipirana, kuyambira kale.

Nditanena chomwe ndabwerera anaimika simbi. "Mukufuna mukamulowetse m'makina?"

"Sakalowamo alamu, makina amangomuyang'ana n'kujambula. Chenichenicho mulandira mawa lomwe."

"Inu amene foni yanu mumachita kukuyankhirani ana a eni?"

"Zimenezo zinali kale. Panopa ndili ndi kagalu."

Anandiyang'ana ngati mutu wanga wasokonekera. Koma ndinawauza mawu a Nesi aja. Analowa kuchipinda, ndinamva sutikesi ikukokedwa. Anatuluka nacho chili m'kansalu ka mpango, osachifunyulula. Pondipatsa sanachisiye msanga, tinachigwira tonse awiri.

Akuti, "Madzi anamuwononga kamodzi. Musakamuwononge kachiwiri."

Ndinawauza kuti adzabwere kushopu Lamulungu likubwerali, iwo ndi Nesi, adzaone okha. Akuti adzabwera, koma chimakina changacho sadzachikhudza, chingawagwire magetsi.

Ndabwera nacho pachifuwa, m'kati mwa bulauzi. M'basi munthu akandigunda ndimachita kumuyang'ana moipa.

Lolemba, 10 Juni

Kwa mayi wa pafotokope. Anachigoneka pagalasi chafufumimba, n'kutseka chivindikiro, kuwala kunadutsa pansi pang'onopang'ono. Ine dzanja lili pachivindikiro. Akuti, "Mayi, sichipsa, si uvuni uwu." Anandiikira m'kafulashi, chenichenicho n'kundibwezera chili bwinobwino, chofunda pang'ono basi. Ndakawapatsa alamu ndisanatsegule n'komwe shopu.

A Mawaya anandithandiza kuchitsegula m'kagalu. Achimwene anadzaza galasi lonse. Sindinawaonepo aakulu chonchi kuyambira tsiku lija anatisiya. Ndinawapatsa moni. A Mawaya ananamizira kuti kwawo kwabwera kasitomala.

Lachiwiri, 11 Juni

Ndapeza kachidindo. Umaloza pamalo abwino, kenako n'kudinda pamalo owonongeka, iko kamanyamula za apa n'kukaika apo. Ndi chigamba chenicheni, chosaoneka msoko. Amene anandiphunzitsa kusoka ankati chigamba usatenge pansalu yachilendo, pindula mpendero, tenga pomwepo. Anthu opanga kagalu aja ndikukhulupirira kuti mmodzi mayi ake anali telala.

Katani ndamaliza. Jekete ndamaliza, madontho onse achoka, mpaka ndaona kuti batani lapakati linali lamtundu wina, zomwe sindinkadziwa. Ndalisiya, ndi mmene analili. Tsaya ndatenga khungu pachipumi pang'onopang'ono, lakhala.

Mayi wina anabwera kudzatenga siketi yake, anandipeza ndikuimba. Siketi sindinaiyambe. Ndamuuza Lachinayi, wachoka akung'ung'udza, ine chimwemwe chokhachokha.

Latsala diso.

Lachitatu, 12 Juni

A Mawaya akuti n'zosavuta. Tengani diso lakumanjalo, litembenuzeni, muike kumanzere. Anandionetsa podina, manja awo ndi achangu. Tsopano zaulere zija sakuzinyozanso, akuti akufuna ndiwabwereke Nesi awaikire kwawo.

Tinaika. Ndinabwerera m'mbuyo kufika pachitseko kuti ndione bwino, mmene ndimachitira ndi diresi. Ayi. Munthu ali apoyo ndi wachilendo, akuyang'ana ngati kadzidzi, ngati wapolisi wapachitupa. Maso awiri ofanana ndendende, pamunthu sizikhala choncho. Ngakhale mapewa a munthu sakhala ofanana, lina limatsika, telala aliyense amadziwa.

Ndati, "Awa si achimwene."

A Mawaya akuti, "Nanga Nesi adziwa bwanji? Sanawaonepo."

"Ndiye chifukwa chake. Wosadziwa ndi amene sufunika kumunamiza."

Z, Z, Z, mpaka poyera paja pabwerera. Lero sindinaimbe.

Lachinayi, 13 Juni

Nzeru yandipeza ndikusoka siketi ya mayi uja. Nsalu inaperewera pa lamba, mpendero mulibe kanthu, ndiye ndinathamangira kusitolo komwe anaigula kukafunsa ngati mpukutu wake ulipobe. Unalipo. Pobwerera ndinaima pakati pa msewu, wanjinga mpaka kundilalatira. Mpendero ukatha umasaka mpukutu womwewo. Nanga mpukutu womwe anadulako achimwene si womwe anadulako ine? Mayi mmodzi, bambo mmodzi.

Ndinalowa kwa a Mawaya ndikupuma wefuwefu. Ndati ndijambuleni diso. Anandiimika pakhoma, kundiuza tembenukani pang'ono, kwezani chibwano, musaseke. Kusaseka ndiye kunavuta. Anachotsa mtundu kuti likhale lakuda ndi loyera ngati chithunzicho, ine n'kulidula mozungulira, kulichepetsa, kulisuntha mpaka litakhala pamalo pake. Makwinya a m'mbali ndafafaniza ndi kachidindo, poti achimwene anapita ali mnyamata, ukalamba wanga usawapatsire.

Ndinapita pachitseko, n'kucheuka. Munthu wa kwathu. Akundiyang'ana ngati ndimamudziwa kuyambira kubadwa. Misozi ndi kuseka pamodzi, mpaka wogulitsa nthochi pakhonde anasuzumira kufunsa ngati kwagwa zovuta.

Siketi ija mayi watenga, wakondwa.

Lachisanu, 14 Juni

Ndikumatsegula, kuyang'ana, kutseka. Kusoka pang'ono, kutsegulanso. Msoko suoneka ngakhale utayandikira bwanji. Nesi anaimba foni, ndamuuza kuti adzabwere ndi mpango wopukutira misozi. Akuti azakhali mwachita chiyani, ndati udzaona.

Ndamufunsanso kuti anthu a kagalu aja munthu angawathokoze bwanji. Ndikanadziwa miyezo yawo ndikanawasokera malaya. Akuti pali polembera, adzandithandiza chingerezi chake. Akuti enanso amathokoza pophunzitsa anzawo. Ndiye a Mawaya akonzeke.

Loweruka, 15 Juni

Ndakolopa shopu, ndabwereka mipando iwiri yabwino. Mawa.

Lamulungu, 16 Juni

Anafika dzuwa likupendeka, alamu kutsogolo ndi chikwama chawo chakumapemphero, Nesi pambuyo akuyenda ngati bakha. Ndinawakhazika, kompyuta nditaiphimba ndi nsalu. Ndinavundukula ngati keke.

Nesi anagwira pakamwa. Anayandikira, maso ali jegwejegwe, akuti, "Adadi ndi amenewa?" Funsolo sanafunse ine, anafunsa mayi ake.

Alamu anavala magalasi, kuyang'ana, kuvula, kuyang'ananso.

Kenako akuti, "Jekete ndi yomweyo. Chipumi ndi chawo, pakamwa ndi pawo." Analoza ndi chala, chili patali ndi galasi. "Koma diso ili ndi lanu, alamu."

Ndati, "Mwadziwa bwanji?"

"Ndingaliiwale? Ndi limene munandiyang'ana nalo tsiku lomwe anabwera nane kwanu koyamba. Kundiyeza kuyambira kumutu mpaka kuphazi ngati mukufuna kundisokera diresi. Mwamuna wanga sanandiyang'anepo choncho."

Nesi anaphulika kuseka misozi ili m'masaya. Ine ndinaseka nawo pang'ono. Ndinayang'ananso. Zoona, amene ndakhala ndikumupatsa moni kuyambira Lachinayi ndi ine ndemwe, nditavala jekete yobwereka. N'chifukwa chake ndimati ndikumudziwa.

Ndinafotokoza za mpukutu. Alamu akuti, "Mpukutu ndi womwewo, sindikukana. Koma inu munadulidwa kumbali yowuma."

Nesi analeka kuseka. Akuti, "Ndiye basi, sindidzawaona." Ananena motsitsa, akusisita mimba. Akuti ndisadandaule, ndayesetsa, bola tsaya labwerera.

Ndinachotsa diso langa. Poyera paja panabwerera, tonse atatu tikungopayang'ana.

Nesi anadzuka kuti azivala nsapato, zikukana kulowa. Alamu anamuuza kuti mapazi otupa choncho mawa asapite kuntchito, apemphe tchuthi. Iye anatukula mutu n'kuwayang'ana cham'mbali, mwaulesi, chikope chitagwa pang'ono, mmene amachitira akamauzidwa zomwe sakufuna kumva.

Alamu anamugwira chibwano. "Ima choncho. Usasunthe."

"Amayi, n'chiyani?"

"Ndati usasunthe. Alamu, itanani wamafoni uja."

A Mawaya anali pakhomo pawo akumvera mpira pawayilesi. Anabwera ndi foni. Koma Nesi atadziwa kuti akujambulidwa anatong'ola maso ngati kagalu kanga. Kujambula, ayi. Kujambulanso, ayi. Alamu akuti, "Iwe, ndati mawa supita kuntchito, ndipo ndikubwera kudzakhala kwanu mpaka uchire." Chikope chija chinagwa chokha. A Mawaya anadina.

Ndinagwira ntchito onse ataima kumsana kwanga. Kuchotsa mtundu, kudula, kuchepetsa, kusuntha. Dzanja silinaphonye. Makwinya ofafaniza panalibe, Nesi panopa ali pamsinkhu womwe achimwene anajambulitsira. Nditaliika ndinafuna kupita pachitseko kukaonera patali, koma alamu anandigwira phewa.

"Tsitsani pang'ono. Ayi, mwapitirira. Bwezani."

Z.

"Pang'ono pokha. Apo."

Anakhala pampando pang'onopang'ono, chikwama chili pamiyendo. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako motsitsa, osati kwa ife, akuti, "Mwaswera bwanji, bambo ake a mwana."

Nesi anafunsanso, "Amayi, ndi iwowa?"

"Ndi iwowa. Ukawauza kuti denga likudontha ankayang'ana chonchi."

A Mawaya anatuluka mwakachetechete, mpira wawo unali utatha kale. Nesi anagwada movutikira pafupi ndi tebulo, nkhope yake pafupi ndi galasi, akuyang'ana bambo ake, bambo ake akumuyang'ana ndi diso lake lomwe. Akuti tisindikize ziwiri, chokonzachi ndi chong'ambika chija, mwana adzaone zonse, adzadziwenso kuti azakhali anaphatika pati.

Ndinati ndikateleke madzi a tiyi kuseri. Ndili komweko ndinamva mpando wanga ukukokedwa. Posuzumira, alamu akhala pamalo panga, magalasi ali pamphuno, chikwama chili pansi, dzanja lili m'mwamba pamwamba pa kambewa ngati akuyesa simbi ngati yatentha.

Akuti, "Alamu, tabwerani mundionetse pogwira. Khutu ili mwalikonza kwambiri, lawo linali lopindika pamwamba."

Ndikulemba izi madzi akuwira. Iwo akali pomwepo ndi Nesi, akukangana za khutu.